Chidendene, msana ndi nthiti kuwawa nthawi imodzi, adokotala alemba enthesitis: alipo akuzidziwa?

Aphunzitsi_Ntcheu

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri koma ndatopa ndipo ndilibe wondifotokozera bwinobwino. Ndine mwamuna wa zaka 31, ndimaphunzitsa ku pulayimale. Vuto langa linayamba ndili ndi zaka 24, msana wa mmunsi cha mchiunomu, ndinkangoti ndi njinga poti nthawi imeneyo ndinkapalasa mtunda wautali kupita ku sukulu. Koma zaka ziwiri zapitazi kwabweranso chidendene. Kumbuyo kwenikweni, pamene mtsempha waukulu uja wochokera mu katumba umathera, pamatupa, pamatentha, ukadina ndi chala ngati pali chilonda mkati. Nsapato yotseka ndinasiya, mkalasi ndimalowa ndi masandasi mpaka ahedi anandifunsapo.

Mmawa ndikatsika pabedi kuponda koyambako kumakhala ngati ndaponda msomali, ndimagwirira khoma mpaka kubafa. Usiku cha mma 3 koloko msana umandidzutsa, chagada ayi, chammbali ayi, nde ndimangodzuka kuyamba kuzungulira pabalaza anzanga ali mtulo, ndikayenda mphindi 40 kapena ola thupi limamasuka. Chondidabwitsa nchakuti pa holide pamene ndimangokhala mpamene zimanyanya, masiku a sukulu pofika 10 koloko ndimakhala bwinoko. Matako nawo, sabata ino la kumanja, sabata inayo la kumanzere, pa minibasi sindikhazikika. Ndiye pachifuwa pomwe nthiti zimakumana ndi fupa lapakati, ndikayetsemula pamabaya, ndinaopa kuti ndi mtima.

Mayi anga akuti ndi nyamakazi yoponda, anandiperekeza kukatema mphini zidendene zonse ziwiri, palibe chinasintha. Kuchipatala chaching'ono amangoti mukuima kwambiri aphunzitsi, nkundipatsa bulufeni. Bulufeniyo amagwira ndithu, ndikamwa usiku mmawa ndimadzuka ngati munthu, koma ndikasiya masiku awiri zabwerera. X-ray ya msana ndinajambulitsa chaka chatha anati ilibe vuto. Mwezi wathawu ndinapeza dokotala wina amene anandimvera mpaka kumapeto, anandidina zidendene, mawondo, mchiuno, pachifuwa, kenaka mu buku langa lachipatala analemba "enthesitis" ndi "ankylosing spondylitis" ndi chizindikiro chofunsa, akuti ndipite ku chipatala chachikulu. Mzere unali wautali sindinathe kufunsa zambiri.

Funso langa, chidendene ndi msana zikugwirizana bwanji? Kodi ndidzapindika msana? Nanga bulufeni wa tsiku ndi tsikuyu sandiwononga?

Nabanda_Limbe

Pepani aphunzitsi. Inenso chidendene chinandivutapo pomwe ndinkagulitsa kaunjika, kuima tsiku lonse pa simenti ndi patapata. Changa chinali cha pansi osati kumbuyo. Ndinkaviika phazi mmadzi ofunda madzulo nkugula nsapato yofewa pansi, patapita miyezi ingapo chinatha chokha. Koma zanuzo zoti mpaka msana ndi nthiti, komanso zaka zonsezo, ine ndikuona ngati ndi zina. Kalata yakuchipatala chachikuluyo musaikhalire, olo transipoti ikuvuta bwerekani.

Mai_a_Tada_Leeds

Achimwene, ndawerenga zanuzi misozi ili mmaso chifukwa ndi nkhani yanga yomweyo, kusiyana kwake ine ndine mzimayi ndipo ndili kuno ku England. Ine ndili ndi matenda amenewa, kuno amati axial spondyloarthritis, ankylosing spondylitis ndi dzina lomwe amagwiritsa ntchito mafupa akayamba kuoneka kusintha pa x-ray. Zinandiyamba ndili kumudzi ndisanakwane zaka 25, anandipeza nazo ndili ndi 36. Ndipo musaone ngati ndi kwathu kokha kochedwa, bungwe la odwala matendawa kuno, la NASS, linanenapo kuti anthu ankadikira zaka zopitirira 8 asanauzidwe chomwe akudwala, kuno komwe kuli makina onse.

Ndikuyankheni funso loyambalo mmene anandifotokozera a fizio anga, omwe amandiphunzitsa mafizo kuchipatala. Mtsempha wa mnofu ukamathera pa fupa, kapena chingwe chomwe chimamanga fupa ndi fupa linzake, pamakhala ka malo komwe zimamatirirana, dzina lake enthesis. Malo amenewa mthupi alipo oposa 100. Enthesitis nkutupa kwa malo amenewo. Nyamakazi zina zimayambira mkati mwa mfundo, koma yathuyi imakonda pomatirira pamenepa, nchifukwa chake imatha kukhala pa chidendene lero, mawa pa nthiti, mkuja pa fupa lomwe timakhalira mthako, munthu nkumaoneka ngati ukungodandaula zilizonse. Msana nawo wadzaza ndi zingwe zomweezo pakati pa fupa lililonse, ndiye mchiuno kumbuyoku pomwe msana umakumana ndi mafupa a chiuno mpamene zimakonda kuyambira. Choncho chidendene chanu ndi msana wanu si matenda awiri ayi, ndi moto umodzi ukuyaka malo osiyana.

Ine chomwe chinandipulumutsa ndi diso. Tsiku lina ndili ku ntchito, ndimasamalira okalamba, diso la kumanzere linafiira nkumawawa mkati, kuwala kwa magetsi kokha kumandibaya mpaka mmutu. Ndinkati ndi maso wamba aja opatsirana koma munalibe manthongo. Dokotala wa maso atandiyeza anati ndi uveitis, kutupa kwa mkati mwa diso, kenaka anandifunsa funso lomwe palibe anandifunsapo, "kodi msana umakuvutani mmawa?" Ndinangoti kakasi. Ndi iyeyo ananditumiza kwa dokotala wa nyamakazi, anandijambula MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, nkupeza kutupa mchiuno, pomwe x-ray inali yoyera ngati yanuyo. Nde achimwene x-ray kukhala yabwino sikuti mulibe kanthu, imatha kukhala yoyera zaka zambiri. Ndipo chonde, diso likadzafiira limodzi, kuwawa, kuopa kuwala, musadzadontheze mankhwala ogula pa golosale kapena kudikira Lolemba, tsiku lomwelo pitani kwa a maso, anthu amataya kuona ndi zimenezi.

Mankhwala anandiyamba ndi naproxen, ndi mbale wake wa bulufeni, pamodzi ndi omeprazole woteteza mmimba. Msana unachitako bwino koma chidendene chinakana, ndinafika pomakwera masitepe chokwawa ndikaweruka. Atayesa mitundu iwiri ya mankhwala amenewa anandiika pa jakisoni wa adalimumab, ndimadzibaya ndekha pantchafu kamodzi pa masabata awiri. Asanandiyambitse anandiyeza TB kaye, magazi ndi chifuwa, poti jakisoniyu amatsitsa chitetezo ndipo TB yogona imatha kudzuka, ine anandipeza nayo yogonayo ndinamwa kaye mankhwala miyezi 3. Pano ndimayenda bwino. Ndikudziwa kuti kumudzi jakisoni ameneyu ndi wovuta kupeza ndipo ndi wodula zedi, zimandiwawa mtima, koma musataye mtima chifukwa anthu ambiri amakhala bwino ndi mapiritsi aja ndi mafizo basi.

Tinthu tating'ono tomwe timandithandiza mpaka pano: ka raba kofewa koika mu nsapato pansi pa chidendene, mapazi onse awiri osati limodzi, kusayenda chosavala pa simenti, nsapato yosakhula kumbuyo. Mmawa ndisanaponde pansi ndimakoka zala za phazi ndi chitenje ndili chikhalire pabedi, ndimawerenga mpaka 30, katatu. Ndikasamba madzi otentha msana umamasuka msanga. Zomangogona nazo ndinasiya, kugona kumaumitsa.

Clinician_wa_pa_boma

Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito ku chipatala cha boma kwa zaka zingapo, sindingakupimeni pa intaneti koma mmene mwafotokozeramu mnzanga amene analemba mu buku lanuyo anaganiza bwino. Msana wamba uja wa kulima kapena kunyamula matumba umawawa ukagwira ntchito nkupola ukapuma. Wanuwu ndi wotembenuza, unayamba musanakwane zaka 45, watha miyezi yoposa 3, umauma mmawa kupitirira theka la ola, umakudzutsani mbandakucha, umamasuka mukayenda, ndiponso umamvera bulufeni msanga. Ife tikamva zimenezi pamodzi ndi chidendene chotupa kumbuyo timayenera kuganiza za gulu la matenda lotchedwa spondyloarthritis. Ndivomereze kuti ambirife sitifunsa mafunso amenewa, odwala amakhala ambiri, munthu akati chidendene timaona chidendene basi, akabwera mwezi wina ndi msana amapeza wina amene amaona msana basi. Nde mukapita kuchipatala chachikuluko lembani papepala zonse mwalemba panozi, ndi zaka zake, mukapereke mmanja.

Mayi a ku Leeds afotokoza bwino, ndingowonjezera pa funso la kupindika. Pomatirira mtsempha paja pakatupa nthawi yaitali, fupa limayamba kudyeka pang'ono, kenaka thupi pofuna kukonza limamera fupa latsopano pamalopo. Pa chidendene limaoneka ngati ka minga pa x-ray. Pa msana timafupa tatsopanoto timakula kuchoka pa fupa lina kupita pa linzake mpaka kulumikizana, zikachitika msana wonse pa chithunzi umaoneka ngati nsungwi ndi mfundo zake. Apa mpamene munthu amauma kapena kuwerama. Koma si onse amafika pamenepo, ambiri safika, ndipo zimatenga zaka zambiri. Chimodzi mwa zomwe zimathamangitsa ndi fodya, ngati mumasuta siyani lero. Chomwe chimateteza ndi kuchepetsa kutupako komanso kuwongola msana tsiku lililonse, kugona chafufumimba mphindi zingapo, pilo mmodzi wopyapyala, kupuma mokoka kuti nthiti zisaume, kuimirira chotsamira khoma zidendene matako ndi nkhongo zonse zikugunda khoma. Ntchito yanu yoyendayenda mkalasi ndi yabwino kuposa ya pa desiki.

Pali zinthu zina za kwathu kuno zomwe mukawerenga masamba a azungu simuzipeza. Choyamba ndi kuyeza magazi pofuna chibadwa china chotchedwa HLA-B27. Kwa azungu odwala ankylosing spondylitis pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amakhala ndi chibadwa chimenechi, zinadziwika mu 1973, koma kwa ife anthu a kuno kummwera kwa Africa chimapezeka mwa apo ndi apo, osafika ndi munthu mmodzi pa 100. Nchifukwa chake kale ankaphunzitsa kuti matendawa kuno kulibe. Ndiye wina asadzakulipiritseni ndalama zambiri kuyeza magaziwa kenaka nkukuuzani kuti poti alibe ndiye mulibe matenda, kwa ife sizitanthauza choncho. Ngakhale magazi oona kutupa aja, ESR ndi CRP, amatha kutuluka abwino munthu akudwala ndithu.

Chachiwiri ndi HIV. Mzaka za mma 1990 madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka, a Njobvu ndi a McGill, analemba za odwala ambiri a nyamakazi za gulu limeneli, zotupitsa mawondo, akakolo ndi zidendene, ndipo ochuluka mwa iwo anali ndi HIV koma opanda HLA-B27. Sindikunena kuti inu muli nako, ndikunena kuti aliyense wobwera ndi zizindikiro zimenezi kuno timamuyeza, nanunso musadabwe kapena kukhumudwa akakuuzani.

Chachitatu ndi TB ya msana, yomwe kuno ndi yambiri kuposa matenda tikukambawa. Iyoyo ululu wake sumasuka ndi kuyenda, umangokulirakulira, munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, nthawi zina pamsana pamatuluka ka linunda, miyendo imafooka kapena kuchita dzanzi. Zaka 7 osaonda sizikumveka ngati TB, komabe akuyenera kuyang'ana. Miyendo ikafooka kapena mkodzo kuvuta kugwira, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo.

Za bulufeni. Pa matenda amenewa si panado wongoziziritsa ululu, ndi mankhwala enieni oyamba, amachepetsa kutupako, ndipo ena amamwa nthawi yaitali moyang'aniridwa. Kuopsa kwake ndi zilonda za mmimba, impso ndi BP. Musamwe pa njala, musaphatikize awiri nthawi imodzi, ndimaona anthu akumwa bulufeni mmawa, dikilofenaki masana, indosidi usiku, kumeneko nkuitana kusanza magazi. Mtundu umodzi, mlingo womwe akuuzani, pemphani omeprazole, akuyezeni impso ndi BP nthawi ndi nthawi. Chimbudzi chikada bii ngati phula siyani mubwere. Mapiritsi ena otchedwa sulfasalazine amathandiza mawondo ndi akakolo akatupa koma pa msana sagwira kwenikweni. Prednisolone, mapiritsi amphamvu ochepetsa kutupa, wogula mwekha ayi ndithu.

Zomaliza ziwiri za chidendene chenichenicho. Wina akafuna kukubayani jakisoni wa steroid wochepetsa kutupa mu mtsempha wakumbuyowo kanani, umatha kuduka, jakisoni wotere amabaya akatswiri ndipo mosamala. Komanso mukadwala matenda ena akafuna kukupatsani mankhwala opha mabakiteriya otchedwa cipro, auzeni kuti mtsempha wa chidendene ndi wotupa kale, mankhwala a gulu limenelo amafooketsa mtsempha womwewo, pakakhala ena olowa mmalo akupatseni amenewo. Kujambula, sikani ya ultrasound yomwe ija ya amayi oyembekezera imatha kuonetsa kutupa kwa chidendene ngati wojambulayo anazolowera. Za MRI muyambe mwaonana ndi dokotala, ndi iyeyo angaone ngati ikufunika.

Mjomba_wa_ku_Mangochi

Ine ndiikire umboni pa za HIV zomwe anena adokotalazi poti ena amachita manyazi, ine ndilibe nazo manyazi ndili pa ma ARV chaka cha 9 tsopano. Ine zinandiyamba nditadwala kamwazi, ndinatsegula mmimba sabata yathunthu, nditachira patangopita masabata ngati atatu bondo la kumanja linatupa ngati mpira, kenaka chidendene cha kumanzere, kenaka chala chimodzi cha kuphazi chinatupa chonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga ngati soseji, nsapato osalowa. Ine ntchito yanga ndi ya kunyanja, kukoka khoka ndi chidendene chotero mumchenga sizinkatheka, ndinakhala pakhomo miyezi 4 ana akudya za kwa achimwene anga. Kumudzi anati wakutchera mnzako wa pa dooko, ndinatsala pang'ono kudana ndi munthu wosalakwa. Kuchipatala anati ndi reactive arthritis, akuti chitetezo chimasokonekera pambuyo pa matenda a mmimba kapena opatsirana pogonana nkuyamba kulimbana ndi thupi lako lomwe, ndipo ndi ulendo womwewo anandipeza ndi kachilombo. Nditayamba ma ARV ndi mankhwala a kutupa zinayamba kuchepa pang'onopang'ono, bondo linaphwa msanga koma chidendene ndi chomwe chinatsalira, chinatha pafupifupi chaka. Pano chimangondikumbutsa nthawi yozizira.

Chimodzi chomwe anandichenjeza ku kiliniki, ife amene tikumwa ma ARV okhala ndi tenofovir tisamangomwa bulufeni kapena dikilofenaki mwachisawawa chifukwa onsewa amadutsa mu impso, ukafuna kumwa nthawi yaitali uwauze akuyeze kaye. Aphunzitsi kayezetseni basi, zituluke bwanji mudziwa poyambira.

Mai_a_Tada_Leeds

Mjomba zikomo polankhula poyera. Ndinaiwala chimodzi achimwene a ku Ntcheu, akakufunsani za kubanja mukaganize bwino. Ine nditauzidwa za matendawa mpamene ndinakumbukira amalume anga amene ankayenda chowerama, khosi osatembenuka, akafuna kuona kumbali amatembenuka thupi lonse, tonse tinkangoti ndi ukalamba pomwe anali asanafike ndi zaka 50. Muwauzenso ngati muli ndi zigamba za mamba pakhungu, mzigongono, mmawondo kapena mmutu, zikhadabo zokumbika, kapena kutsegula mmimba kosatha kwa magazi, zonsezi ndi za pa mtundu umodzi ndi matendawa.

Aphunzitsi_Ntcheu

Abale zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri, kachitatu ndinawawerengera akazi anga poti iwonso anali atayamba kuona ngati ndimathawa ntchito za kumunda. Za diso zandiopsa, chaka chatha mu Ogasiti diso la kumanja linafiira sabata ziwiri, kuwala kwa dzuwa kumandivuta mpaka ndinkaphunzitsa nditatseka zenera, ndinangogula ka tetracycline nkumapaka, linatha lokha. Sindinamuuze dokotala uja poti sindinaone kugwirizana kwake. Ndalemba pa pepala lija, pamodzi ndi za bambo anga aang'ono amene nawonso msana wawo ndi wouma. Fodya ndimasuta pang'ono ndikamwa, ndauza akazi anga kuti andigwire dzanja. Dikilofenaki amene ndinkaphatikiza ndi bulufeni masiku ovuta ndamusiya kuyambira dzulo. HIV ndinayezetsa mu Janyuwale ndinalibe koma ndikayezetsanso.

Ndapempha ahedi tsiku Lachiwiri sabata ya mawa, ndinyamuka ndi basi yoyamba. Adokotala, funso lina laling'ono, ndikamapitako ndisiye kaye bulufeni masiku angapo kuti akaone kutupa kwenikweni, kapena ndizingomwa?

Clinician_wa_pa_boma

Musadzizunze ndi ulendo wa pa basi muli wouma, pitirizani kumwa monga anakuuzani, kungoti mukawauze mlingo womwe mukumwa, kuyambira liti, ndi mmene mumamvera mukasiya. Akafuna kuti musiye asanakujambuleni akuuzani okha. Mmawa wina chidendene chikatupa chijambuleni pa foni, zonse ziwiri pamodzi kuchokera kumbuyo mutaimirira, mukawaonetse. Za diso lija mukanene poyambirira penipeni, ndipo mukapemphe kuti a maso akuoneni tsiku lomwelo ngakhale pano silikuwawa.